Dzina la pamwamba pa BLAST musathamange nalo: zomwe ndinaona pofufuza mabakiteriya a m'thobwa ku Joni

Ana asukulu a kumudzi, ndi ena a konkuno ku Joni, amanditumizira mauthenga pa WhatsApp, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, sikwensi yanga ndaiponya pa BLAST, yatulutsa mayina ambirimbiri, nditenge liti?" Sikwensi ndi mndandanda wa zilembo za DNA ya bakiteriya, ndipo BLAST ndi pulogalamu ya pa intaneti imene imaiyerekeza ndi masikwensi odziwika kale n'kutulutsa mayina a ofanana nayo. Ofunsawo ndiye abwinoko. Ena amangotola dzina limene lili pamwamba n'kulilemba m'lipoti, nkhani yatha. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa munthu amakhala atavutika miyezi m'labu, ndalama zoyezetsera atachita kupempha, kenako ntchito yonseyo n'kuigwetsa pa mphindi zochepa za pa kompyuta. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba mmene ndinayendera ine pofufuza mabakiteriya a m'thobwa kuno ku Johannesburg.

Kafukufuku wanga anali wa mabakiteriya amene amasasitsa zakumwa za chimanga, thobwa lathu ndi mageu a kuno. Mageu ndinkangogula m'sitolo, koma thobwa ndinkakatenga kwa mayi ena a ku Mangochi amene amakhala ku Mayfair. Chimera chawo cha mawere amachita kuitanitsa pa basi kuchokera kumudzi, ndipo Loweruka likamafika masana mabotolo amakhala atatha. Tsiku loyamba nditawafotokozera chimene ndinadzera, anandiyang'ana mokayika.

"Mwanangu, thobwa langa lalakwanji kuti mukaliyeze ku labu?"

"Silinalakwe, amayi. Ndikufuna ndidziwe amene amakuthandizani kulisasitsa."

Anaseka, n'kundipatsa botolo lina loti ndimwe panjira.

Za m'labu sindichedwa nazo. Thobwalo umalisungunula mobwerezabwereza, umalipaka pa mbale za agar wa MRS, chakudya chomeretserapo mabakiteriya, n'kudikira kuti timadontho toyera timere. Kadontho kalikonse umakasamutsira pa mbale yatsopano mpaka utatsimikiza kuti pali mtundu umodzi wokha. Umayesa Gram ndi katalezi, zoyesa ziwiri zothandiza kudziwa gulu la bakiteriyayo, umatulutsa DNA, umachita PCR, njira yochulukitsa kachigawo ka DNA, ndi maprayima 27F ndi 1492R, tizidutswa tosonyeza poyambira ndi pothera kachigawoko, ndipo mzere wa DNA ukaoneka pa jelo cha pa zilembo 1500 umatumiza timachubu tako ku kampani yowerenga DNA. Ife tinkatumiza ku kampani ina ya ku Pretoria, zotsatira n'kubwera pa imelo.

Kachigawo ka DNA kamene timachulukitsako ndi jini ya 16S rRNA. Ili mwa bakiteriya aliyense, ndi yotalika zilembo pafupifupi 1500, ndipo ili ndi malo ena amene sasinthasintha komanso malo 9, V1 mpaka V9, amene amasiyana malinga ndi mtundu. Maprayima amagwira pa malo osasinthawo, pomwe malo osiyanawo ndi amene amaulula mwini wake. Carl Woese ndi George Fox ndi amene anaonetsa mphamvu ya RNA imeneyi mu 1977, pamene anapeza kuti tizilombo tina timene anthu ankatiika pamodzi ndi mabakiteriya ndi ta gulu lina ndithu, limene lero limatchedwa Archaea. Kuchokera nthawi imeneyo 16S yakhala poyambira pa aliyense wofuna kudziwa dzina la bakiteriya.

Imelo ija ikafika, pa sampulo iliyonse pamakhala fayilo ya zilembo zokhazokha ndi ina yothera ndi .ab1. Ambiri amathamangira ya zilemboyo chifukwa siivuta kukopera. Ine ndikuti tsegulani ya .ab1 kaye. Pali mapulogalamu aulere monga Chromas ndi FinchTV amene amaitsegula, ndipo mudzaona nsonga za mitundu inayi zitandandalika: yobiriwira ndi A, yofiira ndi T, yakuda ndi G, ya buluu ndi C. Zilembo zimene kampani yakulemberani ndi zimene makina aganiza poona nsonga zimenezi, ndipo makina salephera kulemba chilembo ngakhale pamene nsongazo zili zosokonekera. Koyambirira, zilembo 30 mpaka 50 nthawi zambiri zimakhala zopiringizana. Pakati pamakhala poyera, nsonga iliyonse itaima payokha. Mukadutsa zilembo 700 kapena 800, nsonga zimayamba kufupika ndi kutambasuka mpaka kulowerana. Koyambako dulani, kothera dulaninso. Zimawawa kutaya zilembo zimene walipira, koma zilembo zabodza zimakutsitsira maperesenti pachabe.

Taonani masamu ake. Ngati sikwensi yanu ndi ya zilembo 500 ndipo zitatu zokha n'zolakwika, mwataya kale 0.6 peresenti. Chonsecho malire amene akatswiri amagwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu ali pa 98.7 peresenti. Zilembo zitatu zimenezo zikhoza kukuchotsani pa mtundu woona n'kukuikani pa wina, kapena kukupangitsani kuganiza kuti mwatulukira mtundu watsopano.

Sampulo yanga ina inabwera nsonga zili ziwiriziwiri kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ina pamwamba pa inzake. Pa mbale kadonthoko kankaoneka kamodzi, koma munali mabakiteriya awiri. Zikatero palibe pulogalamu imene ingakupulumutseni: bwererani ku mbale mukapatulenso. Koma ngati nsonga ziwiri zikuoneka pa malo amodzi kapena awiri okha, pena ponse pali poyera, musafulumire kutaya. Mabakiteriya ambiri ali ndi makope angapo a jini imeneyi, Escherichia coli ali nawo 7, ndipo makopewo nthawi zina amasiyana pang'ono mwa bakiteriya mmodzi yemweyo.

Ngati munalipira kuti awerenge mbali zonse ziwiri, sikwensi ya 1492R imabwera yotembenuka. Muitembenuze pa BioEdit kapena MEGA, pa batani la reverse complement, kenako muilumikize ndi ya 27F pamene ziwirizo zikumanirana pakati. Mukatero mumakhala ndi zilembo pafupifupi 1400. Ndikudziwa kuti kuwerengetsa mbali ziwiri kumadya ndalama kawiri, ndipo ambiri a ife timayendera ndalama zoperewera. Komabe ndi bwino kuchepetsa masampulo n'kuwerengetsa mokwanira kusiyana n'kukhala ndi tizidutswa tambirimbiri tosatha kunena kanthu. Sikwensi yoyeretsedwayo muisunge mwa FASTA: mzere woyamba uyambe ndi chizindikiro cha > ndi dzina la sampulo, zilembo zitsatire pansi pake.

Tsopano pa BLAST penipenipo. Pulogalamuyi inatuluka mu 1990, ndipo ili pa webusaiti ya NCBI ya ku Bethesda ku United States. Ndi yaulere, sifuna kulembetsa, ndipo ngakhale pa foni imatseguka. Ntchito yake ndi kutenga sikwensi yanu n'kufufuza zofanana nayo m'nkhokwe imene mwaisankha. Pamenepa m'pamene ambiri amaterereka, chifukwa sasankha n'komwe. Amasiya nkhokwe yaikulu imene imakhalapo kale, momwe muli zimene anthu a m'mayiko onse akhala akutumiza ku GenBank, nkhokwe ya masikwensi ya ku United States, kuyambira 1982, kuphatikizapo zochokera ku ENA ya ku England ndi DDBJ ya ku Japan, poti nkhokwe zitatuzi zimagawana zimene zalandira. Dzina limene lili pa sikwensi ya m'menemo ndi limene anapereka woitumiza. Ngati iyeyo anangotola dzina la pamwamba, cholakwa chake chimakhala momwemo, inu n'kudzachitola, wina n'kudzatolanso kwa inu.

Pansi pa bokosi loikamo sikwensi pali posankha nkhokwe. Dinani pa rRNA/ITS databases, musankhe 16S ribosomal RNA sequences. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono koma yosankhidwa bwino, manambala ake amayamba ndi NR_, ndipo zambiri za m'menemo ndi za ma type strain. Type strain ndi bakiteriya amene anagwiritsidwa ntchito pofotokoza mtunduwo ndi kuupatsa dzina, ndipo amasungidwa wamoyo m'malo osungira tizilombo monga DSMZ ya ku Braunschweig ku Germany kapena ATCC ya ku United States. Dzina la mtundu limamangiriridwa pa iyeyo. Ngati mukufunabe nkhokwe yaikulu ija, chongani kabokosi ka Sequences from type material, ndipo chotsani za uncultured, zimene ndi DNA yotengedwa m'dothi kapena m'madzi popanda amene anaona bakiteriya wake.

Zotsatira zikabwera, E value musataye nayo nthawi. Pa sikwensi yaitali ya 16S imangolemba 0.0 pa mizere yonse. Yang'anani Query Cover, imene ikunena kuchuluka kwa sikwensi yanu kumene kwayerekezedwa, ndipo izikhala pafupi ndi 100. Kenako yang'anani Per. Ident, kufanana kwa zilembo. Mndandandawo BLAST siuyala motsatira Per. Ident, choncho dinani pamutu pa danga limenelo kuti iuyalenso. Kale anthu ankati 97 peresenti ndi malire a mtundu, kutsatira zimene Stackebrandt ndi Goebel analemba mu 1994. Mu 2006 Stackebrandt ndi Ebers anakweza malirewo kufika pa 98.7 mpaka 99. Koma mvetsani mbali imene malirewa amagwirira ntchito. Mukakhala pansi pa 98.7 ndi sikwensi yoyera, n'kutheka ndithu kuti si mtundu umenewo. Mukakhala pamwamba pake, sizikutanthauza kuti mwaupeza. Zikungotanthauza kuti ndi mmodzi mwa amene angakhale iyeyo.

Izi ndinaziona bwino tsiku lina madzulo. M'labu mwathu munali mtsikana wina wa ku Dedza amene ankayeza chimera chenichenicho, osati thobwa, ndipo iye ankameretsa pa agar wamba. Anabwera pa tebulo langa atanyamula laputopu, nkhope itagwa.

"Achimwene, tabwerani muone izi. Ndiye kuti tonse m'labu muno tatha?"

Pamzere woyamba panalembedwa Bacillus anthracis, woyambitsa matenda a anthrax, kufanana kopitirira 99 peresenti. Mwanayo ankakumbukira za mvuu zimene zinafa ndi anthrax ku Liwonde mu 2018, ndipo maganizo ake anali atafika kale kwa mayi a ku Mayfair ndi anthu onse omwa thobwa lawo. Ndinamuuza kuti, "Chemwali, tatsitsani pansi tione anzake." Pansi pake panali Bacillus cereus, Bacillus thuringiensis, Bacillus paranthracis, Bacillus albus ndi ena, onse kupitirira 99 peresenti, kusiyana kwawo chilembo chimodzi kapena ziwiri. Amenewa ndi a gulu la cereus, ndipo 16S siitha kuwalekanitsa. Koma zochita zawo n'zosiyana kutalitali: anthracis amapha ziweto ndi anthu, cereus amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa akachulukana m'chakudya chogona monga mpunga, pomwe thuringiensis alimi amachita kugula kuti aphere mbozi m'munda.

Sitinachite chibwana ayi. Mbaleyo tinaimata, tinawauza aphunzitsi athu usiku womwewo, ndipo zoyesa zotsatira zinachitikira m'kabati yotetezera iwo ali pomwepo. Anthracis sayenda, ndipo pa agar wa magazi a nkhosa saphwanya magaziwo. Wathuyu pa maikulosikopu ankayenda, ndipo pa mbale ya magazi anazunguliridwa ndi bwalo loyera. Chimene chimapangitsa anthracis kukhala woopsa chili pa tizidutswa tina ta DNA totchedwa pXO1 ndi pXO2, timene 16S siitiona n'komwe. M'lipoti mwake mtsikanayo analemba kuti Bacillus wa gulu la cereus, osapitirira pamenepo, ndipo limenelo linali yankho loona.

Ine ndimazifanizira ndi mfunda. Ukamva kuti munthu ndi wa kwa a Phiri, wadziwa kanthu ndithu, wachotsapo a Banda ndi a Mwale onse. Koma a Phiri alipo ambiri, ndipo sungakagogode pakhomo la aliyense n'kunena kuti ndi yemwe ukumufuna. 16S nthawi zambiri imakufikitsa pa mfunda mosakayikitsa. Pa mitundu ina imakufikitsa mpaka pa dzina lenileni, pa ina ayi. Escherichia coli ndi Shigella siiwasiyanitsa. Bacillus subtilis, amyloliquefaciens ndi velezensis amaunjikana pamodzi. Streptococcus pneumoniae, woyambitsa chibayo, amafanana kwambiri ndi Streptococcus mitis amene amangokhala m'kamwa mwa anthu abwinobwino.

Nanga anga a m'thobwa? Ena anatuluka bwinobwino. Limosilactobacillus fermentum anaima payekha, wachiwiri wake ali patali, ndipo zinagwirizana ndi zimene ndinaona m'labu: timitengo ta Gram positive topanda katalezi. Koma ena anagwera pakati pa Lactiplantibacillus plantarum, pentosus ndi paraplantarum, atatu onsewo kupitirira 99 peresenti. Pamenepo ndinafunika jini yachiwiri, ndipo kwa gulu limeneli recA ndi imene imathandiza. Kwa magulu ena anthu amagwiritsa ntchito gyrB, rpoB kapena pheS. Majini amenewa amasintha mofulumira kuposa 16S, n'chifukwa chake amaona kusiyana kumene 16S imakuphonya. Musanagule maprayima, werengani kaye kuti a gulu lanulo amalekanitsidwa ndi jini iti.

Mayina aatali ndatchulawa akhoza kudabwitsa amene anaphunzira kale. Mpaka 2020 onsewa ankatchedwa Lactobacillus. M'chaka chimenecho Zheng ndi anzake anagawa gulu limeneli, la mitundu 261, kukhala magulu 25. Ndiye mukaona Lactobacillus plantarum m'buku ndi Lactiplantibacillus plantarum pa BLAST, ndi bakiteriya mmodzi yemweyo. Kuti mudziwe dzina lovomerezeka lero, pitani pa LPSN, mndandanda umene anauyambitsa Jean Euzéby mu 1997 ndipo panopa ukusamalidwa ndi DSMZ. Ine dzina lililonse ndisanalilembe ndimaliyang'ana kaye pamenepo.

Sindidalira BLAST yokha. Sikwensi yomweyo ndimakaiikanso pa EzBioCloud ya ku South Korea, imene imafuna kulembetsa koma imayerekeza ndi ma type strain n'kukuuza zilembo zingati zasiyana pa zingati. SILVA, imene inayambira ku Bremen, nayonso imathandiza. Ziwiri zikagwirizana mtima umakhala m'malo. Kenako ndimatsitsa masikwensi a ma type strain oyandikana nawo, n'kujambula mtengo wa chibale pa MEGA, kuti ndione ngati wangayo akukhaladi pa nthambi imodzi ndi dzina limene ndikuliganizira. Ndipo zotsatira za BLAST muzizitsitsa nthawi yomweyo n'kulemba tsiku, chifukwa pa webusaitipo sizikhalitsa, komanso nkhokwezo zimasintha.

Pali mafunso ena amene 16S singayankhe ngakhale itayera chotani. Amene tinali kuno mu 2017 ndi 2018 tikukumbukira mliri wa listeriosis, pamene anthu 1060 anapezeka ndi matendawa ndipo 216 anamwalira. Kudziwa kuti ndi Listeria monocytogenes sikunali kokwanira, poti bakiteriya ameneyu amapezeka m'malo ambiri. Akatswiri a ku NICD, bungwe loona za matenda opatsirana ku Sandringham, anawerenga DNA yonse ya mabakiteriya ochokera kwa odwala, n'kupeza kuti ambiri ndi a mzere umodzi wotchedwa ST6, ndipo mzere womwewo unapezeka m'fakitale ina ya polony ku Polokwane. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, inalengeza gwero lake. Mabanja ambiri a kwathu kuno amadalira polony pa buledi wa ana opita kusukulu, choncho nkhaniyi inatikhudza pafupi. Ngati muli ndi mwayi wowerengetsa DNA yonse, kuyerekeza kwake kumatchedwa ANI, malire a mtundu ali pa 95 mpaka 96 peresenti, ndipo webusaiti ya TYGS ya DSMZ imakuyerekezerani ndi ma type strain mwaulere.

Ndinenenso ichi, poti ena ondifunsa amagwira ntchito m'zipatala. Ngati bakiteriya wachokera kwa wodwala, BLAST si dokotala. Dzina la pa 16S silikuuzani mankhwala amene angamuphe. Zimenezo zimafuna labu ya chipatala, kumene amayesa mankhwalawo pa bakiteriya weniweniyo.

Mayi a ku Mayfair aja ndinabwererako kukawauza zimene tinapeza, poti thobwa linali lawo. Ndinawafotokozera kuti amene amalisasitsa ndi mabakiteriya abwino, a gulu lomwelo la amene amasasitsa chambiko, ndipo kusasako n'kumene kumaletsa oipa kuchulukana. Ndinawauzanso za wa m'chimera uja, kuti njere zake sizifa msanga ndi moto, choncho thobwa lotsekemera limene silinasase lisamakhalitse pofunda, lizilowa m'firiji likangozizira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mwanangu, dzina lake la woipayo ndi ndani?" Ndinawayankha kuti gulu lake tikulidziwa, koma dzina lenileni likufuna kuyeza kwina kumene ndalama zake tinalibe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti bola ndawauza zoona.

Pomaliza kafukufuku, magazini ambiri a sayansi amafuna kuti masikwensi anu muwatumize ku GenBank kuti apatsidwe manambala. Kutumizako n'kwaulere, kumachitikira pa Submission Portal ya NCBI, ndipo amakufunsani dzina la bakiteriya, kumene munamutenga, dziko ndi tsiku. Amene recA inawatsimikizira ndinawalemba mayina onse awiri, la gulu ndi la mtundu. Amene ndinali ndi 16S yokha ndipo anagwera pakati pa mitundu ingapo ndinawalemba dzina la gulu lokha ndi sp., kutanthauza kuti mtundu weniweni sukudziwika, monga Lactiplantibacillus sp. kapena Weissella sp., kutsatira ndi nambala ya sampulo. Pa danga la kumene anachokera ndinalemba thobwa, ndi kufotokoza kuti ndi chakumwa chosasa cha chimanga ndi mawere, chofululidwa ku Johannesburg ndi chimera cha ku Malawi, kuti wina wa ku Bunda kapena ku Zomba akadzaponya sikwensi yake n'kugwera pa yanga, adzadziwe bwinobwino chimene akuyerekeza nacho.